Dzanja Lozolowera Mchira

Dzina lawo lenileni linali pa kakhadi kamene ankakoleka m'khosi, koma palibe amene ankadzivutitsa kuliwerenga. Kulabotale konse, kuyambira alonda apageti mpaka madokotala a m'maofesi am'mwamba, ankawatchula Anambewa, ndipo iwo ankayankha ndi mtima wonse. Munthu wasamalira mbewa zoyera za ofufuza zaka makumi awiri ndi zinayi, dzina lotere angalikane bwanji?

Ntchito anayamba ngati wokolopa. Masiku amenewo nyumba ya nyama inali tizipinda tiwiri topanda mawindo kuseri kwa labotale, ndipo bambo amene ankasamalira mbewazo atathawa fungo, mabwana anayang'ana uku ndi uku n'kupeza mayi ali ndi mopu m'manja. Anawafunsa ngati amaopa mbewa. Iwo anayankha kuti amaopa njala basi. Tsiku lomwelo anawapatsa makiyi.

Kuchokera pamenepo m'mawa uliwonse unkafanana ndi unzake. Kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kuvala gauni, chipewa, chophimba pakamwa, magolovesi ndi nsapato zosatuluka nazo panja, kenako kulowa pakati pa mashelefu. Tizipinda tija tinakula n'kukhala nyumba yeniyeni ya makola apulasitiki oposa mazana atatu. Ankasintha utuchi, kudzaza mabotolo amadzi, kuwerenga kutentha kwa chipinda pakhoma n'kulemba m'buku. Sukulu analekezera panjira, koma mbewa yodwala ankaidziwa isanadziwe yokha. Ankaona makutu atagona chammbuyo, maso atatsinzina pang'ono, ubweya utanyankhalala, kapena chisa chosamangidwa pakona ya khola, n'kupita kukagogoda kwa mwini kafukufuku. Ofufuza ouma mutu ankatsutsa, mawa lake n'kubwera akukanda m'mutu.

Ofufuza onse a pamalopo anadutsa m'manja mwawo. Ankabwera ndi madigiri awo, chizungu chili pamphuno, koma chivindikiro cha khola chikangotsegulidwa madigiri aja ankathawira m'matumba. Anambewa ankawaphunzitsa mawu omwewomwewo chaka ndi chaka: gwirani kumchira, pafupi ndi thupi osati kunsonga, nyamulani msanga, ikhazikeni pamkono. Dokotala wamkulu wa nyumba ya nyama, amene tsopano anali ndi mimba ndi galimoto, anamuphunzitsa ndi iwo. Tsiku lake loyamba manja ankanjenjemera ngati wagwidwa ndi malungo, kambewa kanamuluma chala, iye n'kukuwa mpaka alonda anathamanga. Kumbali Anambewa ankamutchabe Njenjenje, ngakhale pamaso pa anthu ankati a Dokotala.

Ndiye kunabwera malamulo atsopano. Labotale inkafuna ntchito zikuluzikulu za kafukufuku, ndipo eni ntchitozo ananena mosapita m'mbali kuti sangapereke kanthu kumalo kumene anthu amagwira nyama opanda chiphaso. Aliyense wolowa m'nyumba ya nyama, kaya ndi pulofesa kaya wotsuka makola, anayenera kuphunzira sabata ziwiri n'kuyesedwa. Wophunzitsa ndi kuyesa anachokera kunja kwa labotale, mayi wa magalasi, wolankhula motsitsa, amene sankasiyana ndi kabolodi kake kopanira mapepala.

Tsiku lachitatu la maphunziro mayi woyesa uja ananyamula kapaipi kapulasitiki koonekera mkati, kotalika ngati chikhatho, n'kunena kuti kuyambira lero mbewa siinyamulidwanso kumchira. Anafotokoza kuti ikalendewera m'malere imaona ngati yagwidwa ndi kabawi, imakhala ya mantha moyo wake wonse, ndipo mantha amenewo amasokoneza ngakhale zotsatira za kafukufuku. Uika kapaipi m'khola, uitsogolera mbewa ndi chikhatho mpaka ilowe yokha, utseka mbali zonse ziwiri ndi manja, unyamula. Wonyamula kumchira pa mayeso walephera pomwepo.

Anthu onse m'kalasimo anacheuka kuyang'ana Anambewa, ena akumwetulira. Iwo mumtima ankati zachibwana, mbewa ndi kapaipi zinayamba liti. Anatenga kamodzi n'kukayesa pa makola awiri a kumapeto kwa shelefu, cholinga chawo chili choti akamuonetse mayi wa magalasi kuti buku ndi buku, ntchito ndi ntchito. Patatha masiku asanu, mbewa za m'makola awiriwo zinayamba kubwera zokha kudzanunkhiza golovesi, ina mpaka kukwera pachikhatho n'kukhala phee. Za m'makola ena onse zinkathawira kukona zikangoona mthunzi wa dzanja, monga zinkachitira zaka zonsezi. Anambewa anaima pakati pa mashelefu nthawi yaitali. Zinawapweteka koopsa. Iwo ankati nyamazo amazikonda ndipo zimawadziwa, kani zinkawadziwa ngati kabawi.

Choncho lamulolo analivomera ndi mtima wonse. Lomwe silinamve ndi dzanja.

Mafunso a papepala anawawerengera pakamwa ndipo anayankha onse, ena mpaka mayi woyesa analemba mayankho awo pambali kuti akawagwiritse ntchito kwina. Tsiku la mayeso a manja anaima patebulo lachitsulo, khola lili patsogolo, kapaipi kali pambali. Mayi woyesa anati, "Yambani." Mawuwo asanathe n'komwe, mbewa inali itakhala kale pamkono wa Anambewa, bwinobwino, ngati mwana pamsana.

Mayi woyesa anaimitsa cholembera.

"Mayi, mwainyamula bwanji?" anafunsa woyesa uja.

Anambewa anayang'ana mbewa, anayang'ana kapaipi kali pomwe anakasiya. Kunena zoona sanadziwe. Dzanja linali litapita lokha n'kubwerako iwo asanalitume.

Masana a tsikulo a Dokotala anawaitanitsa ku ofesi. Anadzuka okha kuwakokera mpando.

"Khalani, Amayi."

"Ndaima bwino, a Dokotala. Nenani."

"Mwayi amapereka kawiri. Mayi aja abweranso pakatha sabata zisanu ndi imodzi. Mukakhoza, nkhani yatha."

"Ndikapanda kukhoza?"

A Dokotala anayamba kusuntha mapepala amene sankafunika kusuntha. Anati wopanda chiphaso sadzaloledwa kudutsa chitseko cha nyumba ya nyama, ngakhale kukasintha botolo la madzi. Anati zokolopa anazipereka ku kampani, ndiye kwina kowasamutsira kunalibe. Za nyumba sananene, koma Anambewa anazimva, chifukwa nyumba za kuseri kwa mpanda, kumene iwo ankakhala, zinali za ogwira ntchito okha.

"Njenjenje," anatero Anambewa, koyamba kumutchula choncho pamaso, "chala chija ndinakumanga ndine. Lero ukundiuza kuti sindidziwa kugwira mbewa?"

"Amayi, palibe amene amadziwa kuposa inu. Ndalankhula nawo mayi aja, ndawachonderera. Akuti akakulekererani inu, chiphaso cha labotale yonse chikhala chabodza. Ineyo manja anga ndi omangika."

"Ako ndi omangika, anga ndi osamva. Chabwino."

Anatuluka ali chiwongokere, koma atafika pamasitepe anakhala pansi pomwepo mpaka anamva anthu akubwera.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, yachitatu pamzere, ndipo anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amuna awo, amene kale ankayendetsa malole, anafa ziwalo mbali ya kumanzere zaka zinayi zapitazo. Kuchokera pakhomopo kupita kukiliniki ya ogwira ntchito anali mtunda woti bambowo ankatha kuyenda ndi ndodo, akupuma kawiri panjira. Pakhoma la kubafa panali chitsulo chogwirira chimene akalipentala a labotale anawakhomera mwaulere. Mwana wawo wamkazi ankakhala kutali m'chipinda chimodzi ndi mwamuna wake ndi ana atatu. Anambewa anayesa kuganiza kumene angawatengere bambowo, mutu unangozungulira n'kubwerera pomwepo.

Bambowo atamva nkhani yonse anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa imene inkagwirabe ntchito.

"Ndiye mwalephera mayeso chifukwa chodziwa kwambiri?"

"Musandiseke, bambo. Madzi afika m'khosi."

"Sindikuseka. Ine nditasiya lole ya magiya n'kupatsidwa yopanda magiya, mwendo unkapondabe kilatchi yomwe kulibe mwezi wathunthu. Tandipatseni sokosi yanga yong'ambika ija, ndi chingwe cha nsapato."

Anapinda sokosiyo ndi dzanja limodzi, kuthandizira ndi mano, n'kumangirira chingwecho kumbuyo kukhala mchira. Kutsogolo anamanga ulusi wokokera. Kapaipi kanali kakatoni ka mkati mwa pepala la kuchimbudzi. Loweruka ndi Lamlungu masana, komanso tsiku lililonse akaweruka, ankakhala patebulo, bambowo akukoka sokosi mwadzidzidzi ndi ulusi ali nawo kumano, dzanja lawo labwino litagwira supuni yachitsulo. Anambewa ndi amene anapempha za supuniyo. Anati dzanja likangopita kumchira alimenye, ndipo asalimvere chisoni.

Tsiku loyamba bambowo ankangogunda pang'ono ngati akugogoda pakhomo la apongozi.

"Menyani, inu! Mukusisita chiyani?"

"Zaka makumi atatu sindinakumenyenipo, mayi a ana, ndiyambe lero chifukwa cha sokosi?"

"Mukufuna tikagone pansi pa mtengo? Menyani!"

Anamenya. Sabata yoyamba mfundo za zala zinatupa moti golovesi inkavuta kulowa. Aneba anamva kulira kwa supuni ndi mawu a "menyani" n'kutuma mayi wa nyumba yachiwiri kudzabwereka mchere, maso ali mwazumwazu. Anapeza anthu awiri aimvi akulimbana ndi sokosi, ndipo anabwerera ataiwala mcherewo.

Kuntchito Anambewa ankamata chala chachikulu kuchikhatho ndi pulasitala asanavale golovesi, kuti dzanja lisathe kutsina kanthu. Ntchito imene ankaimaliza isanakwane teni inkawafikitsa masana. Mbewa zina zinkakana kulowa m'kapaipi, n'kumazungulira khola, iwo thukuta lili kamukamu pansi pa chipewa, mchira ukudutsa pansi pa zala zawo kawiri katatu ngati ukuwanyogodola. Ankalankhula nalo dzanjalo mokweza, kulitukwana ngati mwana wakuba. Tsiku lina wotsuka makola anawapeza akulira mwakachetechete kuseri kwa shelefu, dzanja lamanja ataliponda ndi lamanzere patebulo. Mantha awo anali amodzi: kuti pa tsikulo, maso a anthu ali pa iwo, mutu udzachita mdima kamphindi kamodzi ndipo dzanja lidzachita zake.

Pofika sabata yachisanu supuni inasiya kulira. Bambowo ankakoka sokosi mwachinyengo, pakati pa nkhani, nthawi zina Anambewa akumwa tiyi, ndipo dzanja linkadumpha n'kuima m'malere, zala zili tambasu. Linali litaphunzira chinthu chimodzi: likaona mchira, liume.

"Basi, lamva," anatero bambowo. "Ngakhale galu sindinamuonepo womvera chonchi."

Tsiku la mayeso linali Lachinayi m'mawa. Otsala anali anayi, ndipo anawaika awiriawiri patebulo. Anambewa anakhala ndi wofufuza watsopano, mayi wachitsikana wa digiri ziwiri, amene ulendo woyamba analephera chifukwa choopa kulowetsa dzanja m'khola. A Dokotala anaima pafupi ndi chitseko, manja ali kumbuyo. Mbewa zoyesera zinali za m'makola awiri a kumapeto aja, zozolowera kapaipi, zofatsa.

Mayi woyesa anayamba ndi Anambewa. Pulasitala panalibe, malamulo sankalola. Anatsegula chivindikiro. Anaika kapaipi pa utuchi, anatsitsa chikhatho pang'onopang'ono, mbewa inanunkhiza, inazungulira kamodzi, mchira unakhudza chala chawo chachikulu, dzanja linauma, mbewa inalowa. Anatseka mbali zonse, ananyamula, anapendeketsa chammbuyo, inatsetserekera pachikhatho. Anaonetsa maso, makutu, mano, pamimba, akutchula chilichonse, n'kuibwezera. Mayi woyesa analemba kanthu n'kugwedeza mutu.

"Imani pomwepo, mayi, mnzanuyu amalize. Mayeso atha nonse mukatseka makola."

Wofufuza uja anayamba bwino. Mbewa yake inalowa msanga, iye n'kumwetulira, ndipo chimwemwe chomwecho ndi chimene chinamulakwitsa. Ananyamula kapaipi atatseka mbali imodzi yokha, n'kutembenuka kuti aonetse woyesa. Mbewa inatulukira mbali inayo, inagwera patebulo, inathamanga molunjika kumphepete kumene kunali Anambewa.

Mbewa zotere Anambewa anazigwirapo zosawerengeka, zina zili kale m'malere. M'zaka makumi awiri ndi zinayi panalibe ngakhale imodzi imene inafika pansi iwo ali pafupi. Dzanja linachoka lisanatumidwe, linafika, mchira unali pakati pa zala ziwiri. Pomwepo linauma, zala zili tambasu. Mchira unadutsa. Panamveka kaphokoso kakang'ono pa simenti.

Wofufuza uja anakuwa n'kugwira pakamwa. Mbewa inadzuka, inathamangira kunsi kwa sinki n'kuima pakona. Siinavulale paliponse. Koma aliyense m'chipindamo ankadziwa lamulo la nyumbayo, lakalekale, limene Anambewa eni ake ankaphunzitsa: mbewa yaponda pansi siibwereranso m'khola, chifukwa ingapatsire zinzake mazana matenda. Imagonekedwa tulo tosadzuka tsiku lomwelo.

Anambewa anagwada, mawondo akulira, n'kuika kapaipi pakona. Mbewayo inanunkhiza golovesi yawo n'kulowa yokha, mosavuta n'komwe.

Mayi woyesa anamaliza kulemba. Anauza wofufuza uja kuti walephera, kenako anatembenukira kwa Anambewa.

"Inu mwakhoza, mayi. Zonse mwachita molondola." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Koma ndifunse. Ndinaona dzanja lanu linafika. Munaisiyiranji?"

"Munati wogwira kumchira walephera."

"Ponyamula, inde. Koma pa ngozi, nyama ikamagwa kapena kuthawa, mumaigwira pomwe mwaipeza, ngakhale kumchira. Zili m'buku limene tinakupatsani lija, chakumapeto. Palibe akanakulembani cholakwa."

Buku lija linali lachizungu, la masamba oposa zana, ndipo m'kalasi sanafike kumapeto. Anambewa analisunga bwino m'kabati, m'pepala lapulasitiki kuti lisade. Akanakonda mayiyo akanawatukwana, kapena kuwalepheretsa kumene, kusiyana ndi kuwauza zimenezi ndi mawu ofatsa chonchi. Nyumba inali itapulumuka, bambo aja adzapitiriza kuyenda kukiliniki ndi ndodo yawo, ndipo iwo ankayembekezera kuti mtima ukhala pansi. M'malo mwake anamva manyazi okhaokha, otentha.

Kachipinda kogonekera nyama kanali kumapeto kwa khonde, ndipo munali bokosi la mpweya wophera nyama, sinki ndi buku losainira. Anambewa anayenda khonde lonselo atafumbata kapaipi pachifuwa, akumva timapazi tikukanda chikhatho. A Dokotala anawatsatira n'kuwapeza pachitseko.

"Amayi, pitani mukapume. Mukawauze bambo nkhani yabwino. Iyi ndichita ndine."

Anambewa anapendeketsa kapaipi, mbewa inatsetserekera m'dzanja lawo lamanja, lotupa mfundo lija. Siinathawe. Inakhala tsonga n'kuyamba kupukuta kumaso ndi timanja take.

"Amayi, chonde. Si inu munaigwetsa."

"Ndinaifika, a Dokotala. Inunso munaona."

A Dokotala sanatsutse. Anatambasula manja kuti alandire, ndipo manjawo ankanjenjemera pang'ono.

"Ndipatseni."

"Iyayi," anatero Anambewa, akukankha chitseko ndi phewa. "Ntchito imeneyi amagwira ndi a chiphaso. Ine ndili nacho tsopano."